Allion, Axio kapena Tiida? Ndithandizeni, ndalama ndi zochepa

Nachisale_DZ

Moni nonse. Ndine mphunzitsi kuno ku Dedza, kwa zaka zinayi ndakhala ndikusunga kandalama pang'onopang'ono, zina za chipeleganyu zina ndakongola ku SACCO, ndiye pano ndikufuna kugula galimoto yanga yoyamba. Ndikufuna saluni chifukwa cha buti komanso mayi anga amadwala shuga, mwezi uliwonse ndimakawatenga kumudzi kupita nawo kuchipatala ndipo kabaza sakumutha, miyendo imawatupa. Kuchoka pa tala kukafika kwathu ndi makilomita ngati 15 a fumbi, dzinja pamakhala matope ndi mikwasa ya ngolo.

Ndaona zitatu ku Lilongwe. Toyota Allion ya 2003 ya injini ya 2.0, yokongola kwambiri mkati ndipo ndi yomwe ili yotchipa pa zonse. Nissan Tiida Latio ya 2007 ili pakatikati. Toyota Axio ya 2008 nde ikutenga ndalama zanga zonse osatsala ngakhale ya inshuwalansi. Alamu anga akuti ndisiye zonsezi ndiitanitse ndekha ku Japan. Ine za injini sindidziwa chilichonse, ndimangomva anthu akuti zaka zina ndi zovuta. Ndi zaka ziti zimenezo? Ndikalakwitsa apa ngongoleyi ndiibweza zaka zitatu galimoto ili pa mawe.

Sipanala14

Achemwali, Allion imeneyo musaiperekere ndalama kaye. Ndagwira ntchito ya umakaniko zaka zoposa 20, chinthu choyamba chomwe ndimayang'ana si chaka chomwe wogulitsa akunena ayi, ndi kachitsulo kaja kolembedwa chassis namba ndi injini, ena kamakhala mu boneti ena pa chipilala cha chitseko. Allion ndi Premio za 2001 mpaka 2007 zinabwera ndi injini zitatu ngakhale kunja zimaoneka chimodzimodzi. Pakalembedwa NZT240 ndi 1.5, injini yake 1NZ-FE. Pakalembedwa ZZT240 ndi 1.8, 1ZZ-FE. Pakalembedwa AZT240 ndi 2.0, injini 1AZ-FSE, yomwe timangoti D-4, ndipo pa chivindikiro cha injini pamakhala polembedwa D-4 pomwepo. Yanuyo mwati ndi 2.0, nde ndi imeneyi, kutchipa kwakeko chifukwa chake ndi chimenechi.

Vuto la D-4 ndi loti petulo amapoperedwa molunjika mu silinda ndi mphamvu yambiri, sadutsa pa mavavu olowetsa mpweya kuti awatsuke ngati injini wamba. Ndiye mwaye umamatirira mu manifodi ndi pa mavavu, galimoto imayamba kunjenjemera ikaima, kuzima pa mahampu, kudya mafuta. Ili ndi pampu yachiwiri ya high pressure pa injini pomwe, ikatha mtengo wake si wamasewera, ma injector akenso chimodzimodzi, ndipo makaniko amene amaidziwa bwinobwino ndi owerengeka, ku Dedza mukhoza kuvutika kumupeza. Si kuti ndi injini yoipa ikakhala yatsopano ndipo ikusamalidwa, koma iyi yadutsa zaka 20 ndipo simukudziwa inamwa mafuta otani. Corona Premio yakale ya 3S-FSE ndi banja lomweli, ma Mitsubishi olembedwa GDI chimodzimodzi. Mark X nayonso anthu amaikonda chifukwa imatchipa pogula, koma ndi V6 ya 2.5 ndipo imakhula pansi, msewu wa kwanuwo siyake.

1.8 ija ya 1ZZ ndi yamphamvu bwino koma zoyambirira, zisanafike cha mma 2005, zimadziwika ndi kumwa oyilo chifukwa cha ma ring a mapisitoni. Camry ya 2.4 ya 2007 mpaka 2009, injini 2AZ-FE, nayonso nkhani yake ndi yomweyo ya oyilo, wina akakubweretserani motchipa mudziwiretu.

Ine ndikanakhala inu ndikanasaka chilichonse chokhala ndi 1NZ-FE. Ilibe lamba wa timing, ili ndi tcheni, ndipo injini yomweyi ili mu Probox, Sienta, Fielder, Ractis, IST, ndiye sipeya wake ali paliponse, mukafunsa ku Mchesi kapena ku Ndirande sakuuzani kuti dikirani tiitanitse. Corolla NZE121 ya 2001 mpaka 2006 kapena Allion NZT240, zonsezi zili ndi giyabokisi ya otomatiki wamba ya magiya 4, yopirira kwambiri, makaniko aliyense amaitsegula. Mtengo wake ukhala pansi pa Axio ija, mutsala ndi ya matayala ndi mashoka.

Mai_a_Tada

Pa D-4 ndikugwirizana ndi a Sipanala, koma pa NZE121 ndili ndi mantha pang'ono. Galimoto zimenezija zambiri zomwe zili mMalawi muno zatopa, zina zinali mataxi, zasinthana manja kasanu, yabwino yeniyeni mwini wake sagulitsa. A Nachisale sadziwa injini, atha kugula chiphakasa chopakidwa penti.

Ine ndili ndi Axio ya 2009, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Injini ndi 1NZ yomweyo, kusiyana ndi giyabokisi, Axio kuyambira 2006 otomatiki yake ndi CVT, ilibe magiya osinthasintha koma lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri. Anthu amaiopa koma chomwe chimaipha nthawi zambiri ndi oyilo wolakwika. Zinandichitikira ndekha. Ndinapita nayo ku sevisi pa garaji ina, mnyamata anatsitsa oyilo wa giyabokisi nkuthiramo ATF wofiira uja wa otomatiki wamba, ine ndili pa benchi osadziwa kanthu. Patangotha masabata awiri ndikukwera chitunda cha ku Linthipe ndinamva injini ikulira kwambiri koma galimoto sikupita, kenako kulira kwina ngati mluzu pansi pa mapazi. Mwayi ndinaima msanga, tinatsuka kawiri ndi oyilo wake weniweni ndipo inapulumuka, koma ndalama zinapita zambiri. Kuyambira pamenepo oyilo wa CVT ndimagula ndekha, chigubu chotseka cholembedwa CVT Fluid TC, ndipo ndimaima pomwepo pothira.

Kumafuta nde sindidandaula, ndi mizere ya pa filling station yomwe takhala tikuiona ija thanki imodzi imandifikitsa kutali. Chondidetsa nkhawa kwa inu ndi matope basi. CVT ikatitimira sifuna kuipondereza uku matayala akuzungulira pamalo amodzi, kapena kumangosintha D ndi R mwachangu kuti ituluke, imatentha. Itanani anthu akankhe.

KaongaSongwe

Ndiyankhe za alamu anu zoitanitsa ku Japan poti ndi ntchito yomwe ndimagwira, ndimakatenga magalimoto ku doko la Dar es Salaam kudzera pa Songwe. Mtengo womwe mumauona pa intaneti pa Be Forward kapena SBT uja ndi chiyambi chabe. Pali sitima, zolipira pa doko, dalaivala ndi mafuta kuchoka ku Dar, kenako msonkho wa MRA womwe umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiye yakale kwambiri yomwe ikuoneka yotchipa pa foni ikhoza kukudabwitsani ikafika pa boda. Funsani kaye clearing agent akuwerengereni musanatumize kalikonse. China ndi madola. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 masamu onse anasintha, ndipo kupeza forex ku banki kumatenga nthawi, galimoto ikakhalitsa pa doko storage ikuwerenga tsiku ndi tsiku. Munthu wa ndalama zowerengeka ngati inu, yogula konkuno yomwe mwaiona ndi maso nkuiyendetsa ndi yabwinoko.

Koma kaya mugula kuti, onani izi. Chaka chenicheni: kokani lamba wa pampando mpaka pansi, pali kansalu kolembedwa chaka chomwe lambayo anapangidwa, kamayenera kugwirizana ndi chomwe akunena. Mayileji musawakhulupirire, amabwezedwa mosavuta. Galimoto yolemba 70,000 km koma chiwongolero chasalala, labala wa pa buleki wadyeka mpaka chitsulo, mpando wa dalaivala wakhala dzenje, imeneyo yayenda kwambiri kuposa pamenepo. Ngati yangolowa kumene pemphani export certificate ya ku Japan, pamalembedwa makilomita omwe inali nawo pomwe inkayesedwa komweko. Pakakhala auction sheet, pepala la ku okushoni ku Japan lofotokoza mmene galimoto ilili, giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, R ndiye kuti inachitapo ngozi nkukonzedwa. Gwadani muyang'ane pansi, zochokera kumpoto kwa Japan ngati Hokkaido zimakhala ndi dzimbiri chifukwa cha mchere omwe amathira mmisewu nthawi ya chisanu, makamaka za 4WD, pa Axio ndi NZE144. Muonenso ekizozi ngati sanadule nkuwotcherera pakati, catalytic converter imabedwa kwambiri.

Ndipo mapepala. Dzina la pa blue book likhale la amene akukugulitsaniyo, chassis namba ifanane, mupite limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini tsiku lomwe mukupereka ndalama. Zoti tidzasintha mawa musalole.

Dalaivala_wa_Zomba

Palibe wanenapo za Tiida ndiye ndinene ine. Anthu amangoti Nissan ayi osaiona nkomwe. Tiida Latio ya 1.5, injini HR15DE, ili ndi tcheni nayonso, kumbuyo kuli malo ambiri kuposa Axio, kwa mayi odwala miyendo zimenezi ndi zofunika. Zinabwera mitundu iwiri, ina CVT ina otomatiki wamba ya magiya 4. Mbiri yoipa ija imachokera ku CVT, yomwe imafuna oyilo wake wa NS-2 ndipo ikafa kukonza ndi kovuta, ambiri amangogula ina yonse. Ya magiya 4 ine ndinayendetsa zaka zinayi Zomba Blantyre tsiku lililonse, zomwe ndinkasintha ndi mabushi ndi ma engine mounting. Zoona sipeya wake ndi wosowerapo kuyerekeza ndi Toyota ndipo pogulitsa mtengo umagwa msanga, koma pogula ndi inuyo mumapindula ndi kugwako. Funsani yanuyo ili ndi giyabokisi iti.

Zomwe ndingati thawani ndi Honda Fit Aria ndi ma Fit oyamba a 2001 mpaka 2007, CVT yake imanjenjemera ponyamuka, komanso VW za giyabokisi ya DSG ya magiya 7. Belta ya 1.0 ndi ya masilinda atatu, mukakweza anthu anayi ndi thumba la chimanga mu buti zitunda za ku Dedza ikalira nazo, ngati Belta ikhale 1.3.

Nachisale_DZ

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri ndikulemba mu kope. Dzulo Loweruka ndinapita ndi makaniko wa mnzanga wa kuntchito. Allion ija ndi AZT240 ndithu, ndipo titafika tinapeza injini ili kale yotentha, akuti amangoitenthetsa. Titaima nayo pa mphambano singano ya rev inkatsika nkukwera yokha. Ndaisiya ngakhale mtima unali pomwepo. Tiida ndi ya CVT ndipo mwini wake sakudziwa kuti oyilo anasinthidwa liti.

Koma makanikoyo anandionetsa ina yomwe sinali pa mndandanda wanga, Allion ya 2006, NZT240, ya bambo ena opuma pa ntchito, ali ndi kabuku kolemba sevisi iliyonse ndi bolopeni kuyambira pomwe anaigula. Penti yapsa padenga, mashoka akumbuyo atha, ndipo pansi pa injini mbali ya malamba pali madontho a pinki ouma. Mtengo uli pansi pa Axio moti nditsala ndi kangachepe. Madonthowo ndi chiyani a Sipanala? Ndi chifukwa choisiyira?

Sipanala14

Ayi achemwali, zimenezo nthawi zambiri ndi water pump ikuyamba kudontha coolant, madzi oziziritsa injini aja, pa 1NZ ndi matenda odziwika ndipo ndi ntchito ya maola ochepa, muitchule pokambirana mtengo pamodzi ndi mashokawo. Chofunika kutsimikiza ndi choti siinawirepo. Apempheni bambowo kuti mufike mmamawa galimoto isanalizidwe, gwirani boneti ndi dzanja muone kuti ndi yozizira. Tsegulani chotsekera oyilo, pansi pake pasakhale zoyera ngati chambiko kapena phala lakuda. Tsegulani rediyeta injini ili yozizira, madzi asakhale ndi oyilo, ikalizidwa asamatuluke thovu losalekeza. Mukatembenuza kiyi musanalize, magetsi a check engine, ABS ndi airbag ayake onse kenako azime ikalira, likapanda kuyaka limodzi ndiye kuti wina anachotsa babu. Wina aime kumbuyo aone utsi, wabuluu ndi oyilo. Kokani dipstick ya giyabokisi mununkhize, oyilo akhale wofiirira osanunkha chopserera, wake ndi T-IV. Kenako muyende nayo mpaka itenthe bwino, mukwere chitunda AC ili yoyaka muone singano ya kutentha ngati ikusuntha, ndipo aiike pa kompyuta, ndalama yake ndi yochepa. Mufunsenso ku dila wa Toyota ndi chassis namba ngati ili mgulu la ma airbag a Takata omwe anaitanidwa kuti asinthidwe, magalimoto ambiri a ku Japan a zaka zimenezo analimo.

Za msewu wa kumudzi, mashoka atsopano okha aikweza kale chifukwa akuthawo amaigwetsa ikanyamula. Ena amaika ma spacer okwezera galimoto, ine ndimati yambani mwayenda nayo kaye ulendo umodzi mutasintha mashoka, mumve ngati ikukhula. Zikakhala bwino zonsezi Lolemba mupite nawo bambowo ku Road Traffic, ndipo kabuku kawo ka seviseko mukapemphe akupatseni pamodzi ndi makiyi.