Bulls igwetse nyumba yonse kapena izingomata ming'alu?

Wa_Ndirande23:
Anzanga okonda basketball ndithandizeni maganizo chifukwa ine mutu wayima. Ndinayamba kusapota Chicago Bulls, timu ya mu ligi ya NBA ku America, ndili mwana chifukwa cha jezi ya nambala 23 ya Michael Jordan imene achimwene anandigulira pa kaunjika, nthawi imeneyo sindinkadziwa n'komwe kuti Chicago ili kuti. Pano ndimadzuka 2 koloko usiku kuonera gemu, bandulo yanga kuthera pamenepo, koma timu yake ndi yomwe ija, siikwera siitsika. Sizoni ya 2022-23 tinawina magemu 40 kuluza 42, yotsatira 39-43, kenako 39-43 kachiwiri. Ndipo zaka zitatu zotsatizana amene watitulutsa mu play-in (magemu olimbirana malo omaliza olowera mu ma playoffs, ndime yolimbirana chikho) ndi Miami Heat yomweyomweyo ngati tinawalakwira kanthu. Ndiye funso langa ndi ili, kodi si bwino kungogulitsa aliyense amene ali ndi mtengo, tiluze sizoni ziwiri zitatu mwadala tipeze pick yapamwamba ku draft, kutanthauza mwayi wosankha koyambirira pamene matimu akusankha osewera atsopano? Kapena tizingolimbikira ndi anyamata omwewa poti mwina tsiku lina zidzatheka?

Chembe_OKC:
Gwetsani aise, musachedwe. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo Bulls yakhala ikuvumbwa kuyambira 2021. Muiwale za mpira wamiyendo kumene timu ikathera pansi imatuluka mu ligi, ku NBA kulibe zimenezo, wothera pansi ndi amene amapatsidwa mwayi waukulu wosankha mwana wabwino ku draft. Malo oipa kwambiri ndi apakatiwo, simungatenge chikho komanso pick yanu imakhala ya nambala 11 kapena 12.

Onani ife a Oklahoma City Thunder (OKC). Mu 2019 tinapereka Paul George ku Clippers, anthu ankati bwana wa timu yathu Sam Presti wapenga, koma tinalandira Shai Gilgeous-Alexander ndi ma pick asanu a raundi yoyamba. Tinavutika ndithu, 22-50 kenako 24-58, ndinkachita manyazi kuvala jezi. Koma mmenemo ndi mmene munatuluka Chet Holmgren ndi Jalen Williams. Mu 2025 tinawina magemu 68, Shai MVP (wosewera wopambana onse mu ligi), chikho chinabwera ku Oklahoma. Ndipo chowawa kwa inu n'choti Alex Caruso amene munatipatsa posinthana ndi Josh Giddey wavala mphete ya opambana chikho, inu osatengapo ngakhale pick imodzi pa dilu imeneyo kkkk.

MaiTawo:
A Chembe mukunena za OKC ngati aliyense wogwetsa nyumba amamanga yabwino. Bwanji simukutchula Philadelphia? Bwana wawo Sam Hinkie anayamba zoluza mwadala mu 2013, mu 2015-16 anawina magemu 10 okha pa 82, anthu akuimba kuti tikhulupirire Process, dzina la pulani yoluza mwadalayo. Anapeza Embiid inde, koma Ben Simmons ndi Markelle Fultz onse anali pick yoyamba ndipo lero ali kuti? Mpaka pano timu imeneyo ndi Embiid yemweyo sinadutsepo raundi yachiwiri ya ma playoffs.

Komanso malamulo anasintha mu 2019. Matimu atatu othera pansi aliyense amakhala ndi mwayi wa 14 peresenti basi wopeza pick yoyamba pa maere a draft (lottery). Detroit inaluza magemu 28 motsatizana mu 2023-24, inathera 14-68, mphoto yake inali pick ya nambala 5. Tangoganizani kuzunza masapota chaka chonse kenako maere n'kukukanani. Ndipo ife a Bulls tinayesapo kale kawiri. Bwana wa timu Jerry Krause ataphwasula timu ya Jordan mu 1998 tinakhala zaka zisanu ndi chimodzi osanunkhako ma playoffs. Mu 2017 tinagulitsa Jimmy Butler ku Minnesota ati tikumanganso, zinatha bwanji? Markkanen amene tinamupeza pamenepo anakakhala All-Star ali ku Utah. Ine zaka zanga zapita, sindingadikirenso zina zisanu.

Chembe_OKC:
Mayi, Philadelphia sinalephere chifukwa choluza, inalephera posankha. Anasiya Jayson Tatum n'kutenga Fultz, anachita kupereka pick ina kwa Boston kuti akwere pamwamba. Limenelo ndi vuto la maso osati la pulani. Detroit yomwe mukuinenayo chaka chotsatira inawina 44 ndi Cade Cunningham, amene anamupeza chifukwa chothera pansi momwemo.

Bambo_a_Dalitso:
Nonse mukukangana za njira koma simukufunsa kuti woyendetsa galimotoyo ndi ndani. Ine ndaisapota timuyi kuyambira nthawi ya Derrick Rose ndi Luol Deng, ndipo ndikuuzeni, vuto la Bulls si kusankha pakati pa kugwetsa ndi kupikisana, vuto ndi nthawi imene amachitira zinthu. Mabwana a timuyi amagula mochedwa, amagulitsa mochedwa.

Marichi 2021 anatenga Nikola Vucevic ku Orlando, anapereka Wendell Carter Jr. ndi ma pick awiri a raundi yoyamba, imodzi mwa imeneyo Orlando inasankhira Franz Wagner. Timu imene sinali pafupi n'komwe ndi chikho ikupereka tsogolo lake chonchi. Chabwino, anabweretsa DeRozan, Lonzo Ball ndi Caruso, ndipo kunena zoona miyezi yoyamba ya 2021-22 inali yokoma, tinali pamwamba ku East, chigawo chathu cha ligi, DeRozan akuponya zija zomaliza gemu masiku awiri otsatizana, pa 31 Disembala ndi pa 1 Januwale, ndinakuwa mpaka ana anadzuka. Kenako bondo la Lonzo linavuta mu Januwale 2022, munthu anakhala sizoni ziwiri zathunthu osasewera. Pamenepo aliyense wamaso anaona kuti zatha. Milwaukee inatichotsa 4-1 mu ma playoffs. Nthawi yogulitsa inali imeneyo, DeRozan akadali wotentha, LaVine asanasayine kontrakiti ya madola 215 miliyoni ija. Mabwanawo anangokhala phee zaka ziwiri akuti tikufuna continuity, kupitiriza ndi anyamata omwewo. Pofika pomugulitsa LaVine ku Sacramento mu Febuluwale 2025 chachikulu chimene tinapeza ndi pick yathu yomwe imene tinali titaipereka kale kwa San Antonio. Kugula katundu wako yemwe, zoona?

Ndiye mukati agwetse ine ndimafunsa kuti agulitsa chani, poti zamtengo zinapita kale motchipa. Ndipo musaiwale kuti holo yathu ya United Center imadzaza kaya timu ikuwina kaya ikuluza, dzina la Jordan likugulitsabe matikiti mpaka lero. Mwini timu ngati Jerry Reinsdorf amene holo yake ikudzaza chonchi changu achitenga kuti?

Wa_Ndirande23:
Bambo a Dalitso mwandilasa pamtima. Koma chimene chimandipweteka kwambiri ine ndi cha lottery ya 2025. Ife ndi Dallas tonse tinathera 39-43, anachita maere kuti asiyanitse, Dallas inapambana maerewo n'kukhala patsogolo pathu ndi mwayi wa 1.8 peresenti, ndipo ndi malo amenewo amene anatulutsa pick yoyamba, Cooper Flagg. Tinatsala pang'ono chonchi! Usiku umenewo magetsi anali atazima, ndinaonera pa foni batire ili pa 6 peresenti, bola ikanangozima.

MaiTawo:
Ndiye mwaona, mwadziyankha nokha. Dallas sinaluze mwadala sizoni yonse koma inapeza pick yoyamba. Ifenso Rose tinamupeza mu 2008 ndi mwayi wa 1.7 peresenti. Giannis anatengedwa pa nambala 15, Jokic pa nambala 41 anthu akuonera malonda pa TV. Indiana inafika mu fainolo 2025 chifukwa chosinthanitsa Sabonis ndi Haliburton, sanachite kukhala pansi zaka zisanu. Ine ndikuti asiyeni ana asewere, Matas Buzelis apatsidwe maminitsi ambiri, Giddey agwire mpira, akaluza aluze akuphunzira osati kuwauza kuti luzani. Mwana ukamuzoloweza kuluza amakula nako.

Chembe_OKC:
Kudalira 1.8 peresenti si pulani mayi, kumeneko ndi kubetcha. Koma pa za ana aja tikugwirizana, kusewera ana n'kuluza ndi kugwetsa komweko kungoti mwakupatsa dzina laulemu. Chimene sindikufuna kumva ndi choti atenganso wosewera wa zaka 33 kuti akathere pa nambala 9 n'kukakumananso ndi Miami.

Bambo_a_Dalitso:
Akakumananso ndi Miami kachinayi ine ndigona, musandidzutse. A Ndirande jezi ija ya 23 ikadalipo? Mwana wanga wayamba kufunsa za Wembanyama wa San Antonio ndipo ndikuona ngati ndimutaya, mwina ndikamuveka imeneyo angabwerere.