Kodi nkhawa ingachedwetse msambo mpaka chonchi?

Moni amayi anzanga nonse m'gulu muno. Ndathedwa nzeru, chonde ndithandizeni.

Ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba, ndili ndi zaka 29. Msambo wanga umabwera pa nthawi yake mwezi ndi mwezi, koma ulendo uno wadumpha, ndipo mwezi wachiwiri ukutha osaona kanthu. Ndinagula kachipangizo koyezera mimba, n'kuyeza ndi mkodzo wa m'mamawa monga amanenera, kanaonetsa kamzere kamodzi. Ndinakayezetsanso ku kiliniki, mimba palibe. Sindibayitsa jakisoni wolera, sindimwa mapiritsi, sindikuyamwitsa.

Anamwino anandifunsa ngati ndili ndi maganizo. Anati nkhawa ikachuluka thupi limatulutsa mahomoni ambiri otchedwa cortisol, zomwe zimasokoneza mbali ya ubongo yolamula kuti dzira lituluke, ndiye dzira likachedwa msambo nawo umachedwa. Kunena zoona maganizo ndili nawo. Mayi anga akudwala kumudzi ku Jali, geni yanga ya kaunjika siikuyenda, ngongole ya banki m'khonde ikundidikira. Usiku ndimangotembenuka mpaka tambala kulira, chakudya sichikulowa, moti masiketi ayamba kukhwepa m'chiuno.

Komabe mtima sukukhazikika, ndikuopa kuti mwina pali vuto lina, monga la chithokomiro.

Alipo amene zinawachitikirapo? Msambo unabwerera wokha, ndipo panatenga nthawi yaitali bwanji? Anamwino amene muli muno, ndidikire kuti ikwane miyezi 3 kapena ndipite ku Zomba Central Hospital pompano? Ndikakafika ndikapemphe kuti andiyeze chiyani?