Ndimagulitsa pa Facebook ndi WhatsApp, kodi msonkho ukundikhudza?

NaPhiri wa ku Chilenje, Lusaka, Zambia

Moni nonse. Ndimagulitsa nsapato ndi zikwama za amayi pa Facebook Marketplace ndi pa WhatsApp. Shopu ndilibe, katundu amakhala kunyumba. Wogula akalipira pa Airtel Money kapena MTN, ndimatumiza katunduyo ndi anyamata a njinga zamoto. Zina ndimaoda ku Kamwala, zina zimachokera ku Dar es Salaam kudzera pa Nakonde, malire a Zambia ndi Tanzania. Pamwezi zimalowa ndalama pafupifupi K20,000, koma phindu lenileni silifika ndi K5,000 yomwe. Ndili pantchito ndipo PAYE, msonkho wa pa malipiro, amandidula kale. TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, ndili nayo, ndinatenga potsegula akaunti ku banki. Kodi ndiyenera kulipiranso msonkho wina? Ngati ndi choncho, ndi uti, ndi zingati, nanga ndiyambire pati?

Mlembi_wa_Mabuku

Amayi, yankho ndi inde. Lamulo la msonkho silifunsa ngati muli ndi shopu. Limafunsa ngati mukuchita malonda. Wogulitsa pa foni ndi wogulitsa pa Cairo Road onse ali pa lamulo limodzi. PAYE imene amakudulani ndi ya malipiro a kuntchito basi, siikhudza nsapato zanu.

Msonkho wanu ndi umene a ZRA, bungwe lotolera misonkho ku Zambia, amati turnover tax. Kuyambira Januwale 2025 umakhudza bizinesi ngati yanu yogulitsa zosapitirira K5 miliyoni pachaka, ndipo ndi 5 peresenti. Zaka za m'mbuyomu unali 4 peresenti, malire ake ali K800,000, n'chifukwa chake mumva anthu akutchulabe manambala akalewo.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi apa: 5 peresentiyo amaiwerengera pa ndalama zonse zimene mwagulitsa, osati pa phindu. Simuchotsera mtengo umene munaodera, thiransipoti, mabandulo kapena ndalama zolengezetsa malonda pa Facebook. Mukagulitsa K20,000, msonkho ndi pafupifupi K1,000. Pali kagawo kakang'ono koyambirira komwe sikadulidwa msonkho, koma kwa munthu wa K20,000 pamwezi kamangochepetsako pang'ono chabe. Ndiye pa phindu lanu la K5,000, kwacha imodzi pa makwacha asanu alionse ndi ya boma.

Tiyeni tione pa nsapato imodzi. Yafika pakhomo pa K300, mwagulitsa K380. Phindu ndi K80, msonkho ndi K19. Zikutheka. Koma wogulitsa mafoni amene waoda pa K2,800 n'kugulitsa K3,000, phindu lake ndi K200 pomwe msonkho ndi K150. Watsala ndi K50, asanalipire wa njinga. Msonkho uwu umapweteka kwambiri amene amagulitsa katundu wodula pa phindu lochepa, choncho muziuikiratu mumtengo musanaike chithunzi pa intaneti. Kasitomala akayamba kunenerera, mudziwe kuti pansi penipeni pa mtengo wanu pali kale 5 peresenti yomwe si yanu.

Poyambira: TPIN imene munatenga chifukwa cha banki ndi nambala yokuzindikiritsani chabe, siinakulembetseni pa msonkho wa bizinesi. Lowani pa TaxOnline, tsamba la ZRA la pa intaneti, kapena pitani ku Revenue House, likulu la ZRA, mutatenga NRC (chiphaso chanu cha dziko), mupemphe kuti pa TPIN yomweyo aonjezerepo turnover tax. Musatenge TPIN yachiwiri. Ngati mukufuna kugulitsa m'dzina la bizinesi, osati lanu, dzinalo mulilembetse kaye ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani ndi mayina a mabizinesi.

Akakulembetsani, mwezi uliwonse muzitumiza return yonena ndalama zimene mwagulitsa, ndi kulipira pasanadutse pa 14 mwezi wotsatira. Za Marichi zikhale zitatha pofika pa 14 Epulo. Mungachite zimenezi pa TaxOnline, pa TaxOnApp, kapena pa foni yamabatani pa *858#, ndipo kulipira kumatheka ndi mobile money yomweyo.

Amai_a_Kabwata

Ndionjezerepo chimodzi pa zimene anena a Mlembi, chifukwa n'chimene chimasiya anthu ndi ngongole yomwe sakuidziwa. Mwezi umene simunagulitse kanthu muyenerabe kutumiza return, mulembe ziro. Imeneyo ndi nil return. Kompyuta ya ZRA siidziwa kuti munadwala, munapita kumaliro ku Chipata, kapena katundu anachedwa panjira. Imangoona kuti mwezi wakuti palibe chinabwera, n'kuika chindapusa. Chindapusa cha kuchedwa kutumiza return ndi china, cha kuchedwa kulipira ndi chinanso, ndipo pamwamba pake pali chiwongoladzanja. Munthu amadzazindikira patapita zaka, tsiku limene akufuna tax clearance (chikalata cha ZRA chosonyeza kuti za msonkho wake zili bwino) kuti agulitse katundu ku kampani kapena kusukulu, n'kupeza kuti chindapusa chaposa msonkho weniweniwo. Mukasiya bizinesi, musangokhala chete. Lemberani ZRA kuti akuchotseni pa msonkho umenewo.

China ndi kaundula. Sikufuna za pamwamba, kope la ana asukulu likwana: tsiku, chimene chagulidwa, mtengo, njira imene walipirira. Lamulo limafuna kuti mabuku a bizinesi asungidwe zaka 6. Ndipo tengani nambala ya foni yapadera ya malonda okha. Mukasakaniza, ndalama za chilimba, zimene atumiza achimwene anu, ndi za nsapato zonse zimaoneka pa sitetimenti imodzi. Tsiku limene ZRA idzafunse, udindo wosonyeza kuti K2,000 iyi inali ya chilimba udzakhala wanu, ndipo popanda cholembedwa mudzavutika.

Za dilivale nazo muchenjere. Wogula akakutumizirani K430, kutanthauza K380 ya nsapato ndi K50 ya wa njinga, yonseyo yalowa kwa inu ndipo imaoneka ngati malonda. Ndi bwino wogula azilipira yekha wa njinga katundu akafika.

Chisale

Koma zoona abale? Pa mobile money amatidula kale levy tikamatumizirana ndalama. Pa Nakonde katundu walipiridwa kale. Ku Kamwala mwenye waikamo kale VAT. Ndiye munthu alipirenso kachinayi pa nsapato imodzi? Ndipo ZRA ingadziwe bwanji za munthu wogulitsira pa WhatsApp status?

Mlembi_wa_Mabuku

A Chisale, kudandaulako n'komveka, koma misonkhoyo ndi yosiyana ndipo umodzi sufafaniza unzake. Levy ya mobile money, imene inayamba mu 2024, ndi ya kutumiza ndalama. VAT ya 16 peresenti imene ili mumtengo wa ku Kamwala ndi ya kugula. Turnover tax yalowa m'malo mwa msonkho wa phindu la bizinesi yanu. Amayi NaPhiri VAT sikuwakhudza ngati otolera: K20,000 pamwezi ndi K240,000 pachaka, pomwe kulembetsa VAT kumakakamizidwa munthu akapyola K800,000 pachaka. Asamalembe mawu oti VAT pa risiti yawo, chifukwa kutolera VAT usanalembetse ndi mlandu.

Zoti adziwa bwanji, ine sindingawerengere kubisala. TPIN yanu ili ku banki, ndipo ndi yomweyo imene imalembedwa pa mapepala a kasitomu pamalire. Munthu amene mwezi ndi mwezi akulowetsa makatoni a nsapato, koma sanatumizepo return, mapepala ake omwe akumuneneza.

Kiliyaring'i_Nakonde

Za pamalire ndiyankhe ine. Amayi, kasitomu imawerengera pa mtengo wa katundu kuphatikiza thiransipoti ndi inshuwalansi mpaka kufika pamalire. Katundu wopangidwa kale, monga nsapato, zovala ndi zikwama, nthawi zambiri duty yake, msonkho wa katundu wolowa m'dziko, ndi 25 peresenti. Kenako VAT ya 16 peresenti imaikidwa pa mtengo uja mutaonjezerapo duty. Katundu wa K10,000: duty K2,500, VAT pa K12,500 ndi K2,000, zonse K4,500, tisanawerenge za ejenti ndi tina ting'onoting'ono. Popeza simunalembetse VAT, K2,000 imeneyo simungaiitanitse kuti ibwerere. Ndi gawo la mtengo woodera, ilowe pa mtengo wa nsapato iliyonse.

Anthu ambiri amaganiza kuti chilichonse chochokera ku Tanzania chimalowa mwaulere poti ndi dziko la SADC, bungwe la mayiko a kummwera kwa Africa. Chimene chimaonedwa ndi kumene katundu anapangidwa, osati kumene mwagula. Nsapato ya ku China yogulidwa ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam ndi ya ku China basi. Ndondomeko ya COMESA (bungwe la zamalonda la mayiko a kummawa ndi kummwera kwa Africa) yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, ya katundu wosapitirira madola 2,000, imagwira pa malire ngati Mwami ndi Chirundu, pa katundu wopangidwa m'mayiko amenewo yemwe ali pa mndandanda umene anagwirizana. Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000, choncho ndondomekoyi siikhudza katundu wanu wochokera kumeneko.

Pali msonkho winanso umene umadzidzimutsa anthu, Advance Income Tax. Katundu wamalonda akapyola madola 2,000 ndipo mwini wake za msonkho sizili bwino, amamulipiritsa 15 peresenti pamalire pomwepo. Apa ndi pamene ma return aja a mwezi ndi mwezi amakupulumutsani: amene ali ndi tax clearance yogwira ntchito salipira imeneyi.

Ambiri a inu mumatumiza ndalama kwa munthu wa thiransipoti amene amasonkhanitsa katundu wa anthu makumi awiri n'kumulowetsa m'dzina lake, inu n'kukangotenga thumba lanu ku siteshoni ya mabasi ya Intercity kapena ku depoti yake. N'zotchipa, sindikana. Vuto ndi loti pepala la kasitomu silikhala ndi dzina lanu. Katundu akagwidwa panjira chifukwa chonena mtengo wabodza, amagwidwa yense, ndi wanu yemwe, ndipo mulibe chosonyeza kuti munalipira. Musanatumize ndalama, mufunseni ngati adzakupatsani kope la pepala lolowetsera katundu ndi risiti ya ZRA, ndipo musunge invoisi ya kumene munaoda. Akayamba kuzemba funso limeneli, funani wina.