TEE (echo ya mtima yodzera kummero) sikuonetsa mtsempha wa m'mapapo wa kumanzere pa embolectomy (opaleshoni yochotsa magazi oundana)

Chikondi: Akuluakulu, ndithandizeni. Usiku wathawu kuno ku Cape Town tinali ku fiyeta ndi mayi amene CT inaonetsa magazi oundana m'mitsempha yonse iwiri ya m'mapapo. BP inkatsikabe ali pa noradrenaline (mankhwala okweza BP), ndipo alteplase (mankhwala osungunula magazi oundana) sizikanatheka poti anachitidwa opaleshoni ya m'mimba masiku 6 apitawo. Adokotala a opaleshoni atachotsa zoundanazo anandifunsa ngati kumanzere kwayera. Ndinazunguza probe ya TEE mbali zonse koma osaona kanthu, ndiye ndinawauza kuti sindikuona. Kodi vuto ndi dzanja langa?

Dr Mwale: Ayi achemwali, dzanja lanu lilibe mlandu. Bronchus (njira ya mpweya yopita ku mapapo) ya kumanzere imadutsa pakati pa kummero ndi mtsempha umenewo, ndipo ultrasound siboola mpweya. Mtsempha waukulu ndi wa kumanja amaoneka bwino, wa kumanzere umangoonekera poyambira. Munayankha zoona. Mukanati kwayera, bwenzi mutawasocheretsa. Kumanzereko adokotala ayang'ane okha mtsempha udakali wotsegula, kapena muwapatse probe yovekedwa pulasitiki ya sterile aiike pamwamba pa mtsemphawo.

Tiyamike: Ine nkhawa yanga ili pena. Munayang'ana khoma la pakati pa ma atrium (zipinda zam'mwamba za mtima) musanalowe pa bypass (makina ogwira ntchito ya mtima ndi mapapo)? Pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi ali ndi PFO, kabowo pa khomalo, ndipo pressure ya kumanja ikakwera kabowoko kamatseguka, choundana n'kuwolokera kumanzere mpaka ku ubongo. Kabowoko mumakafufuza ndi bicaval view, colour Doppler, kenako saline wokhutchumula. Pomwepo mumaonanso ngati mu right atrium muli choundana choyandama, adokotala asanalowetse cannula (chubu cha bypass) n'kuchikankha.

Chikondi: PFO panalibe, a Tiyamike, ndinayesa kawiri. Koma pochoka pa bypass right ventricle (chipinda chopopera magazi ku mapapo) inali yotupabe, septum (khoma la pakati pa ma ventricle) yophwatalala, left ventricle n'kumaoneka ngati D. Mnzanga ankafuna tiwonjezere madzi a drip.

Dr Mwale: Chonde ayi. Ventricle yotupa kale mukaithira madzi imakankhira septum kumanzere, left ventricle n'kulephera kudzaza. Gwirani BP ndi noradrenaline kuti mitsempha ya mtima ilandire magazi, CO2 isakwere, PEEP (pressure yotsala m'mapapo pa makina opumira) ikhale yochepa. Nitric oxide (mpweya wotsegula mitsempha ya m'mapapo) ngati muli nayo. Zikakanika, VA-ECMO (makina othandiza mtima ndi mapapo kunja kwa thupi) msanga, osadikira lactate (chizindikiro choti ziwalo sizikulandira magazi okwanira) ikwere.

Chikondi: Madzi sitinapereke. Tinayamba nitric oxide ndi milrinone (mankhwala othandiza mtima kupopa) pang'ono, septum inabwerera patapita mphindi ngati 40. Mayiwo ali ku ICU, mkodzo ukutuluka. Mawa m'mawa tibwereza echo ya pachifuwa, ndidzakutumizirani TAPSE yake (muyeso wa mmene right ventricle ikupopera).