Za motoka ya mulamu wanga zija ndinafunsa

Abale, mwezi watha ndinafunsa kuti mulamu wanga ndimuuze agule motoka yanji, poti amayenda Chipata mpaka ku Lundazi kukagula soya ndi nshawa, nthawi zina mpaka ku Lusaka. Ambiri munati Toyota Corolla yakale ija ya mtundu wa NZE, ena munati Vitz chifukwa simadya mafuta ambiri. Zikomo kwambiri, tagula Corolla.

Vitz tinaisiya chifukwa ndi yotsika, mumisewu ya kumidzi mvula ikagwa imakhula mimba pansi, komanso matumba a nshawa angalowe angati mmenemo? Corolla iyi injini yake ndi ya mtundu wa 1NZ ya malita 1.5, ili ndi tcheni osati lamba wa taimingi ndiye za kuduka lamba panjira tilibe nazo nkhawa, ndipo masipeya ake amapezeka mu Chipata momwe muno osadikira basi ya ku Lusaka.

Koma chimodzi ndikuchenjezeni, wogulitsa analumbira kuti zonse zili bwino, ife tinakana kulipira tisanapite nayo kwa makaniko wathu, atainyamula pa jeke anapeza mashoki akutsogolo atha, mabushi ong'ambika, mafuta a giyabokosi akuda bii ngati makala. Wogulitsa uja mtengo anatsitsa basi. Tinaonanso white book, chikalata cha umwini wa motoka chochokera ku RTSA (bungwe la boma loona za mamotoka ndi chitetezo cha pamsewu), ngati nambala ya chesisi ikufanana ndi ya pa motoka.

Sabata yatha mulamu wanga anapita nayo ku Lusaka, makilomita oposa 500 aja, mapiri a ku Luangwa inakwera injini osatentha. Dzulo wandiimbira ali ku Lundazi akuti tsopano akufuna matayala olimba a nyengo ya mvula, ndani angatithandize pamenepa?