Khosi la mlongo wanga lapindika atayamba mankhwala a schizophrenia, tiwasiye?

Nabanda_Ntcheu

Abale, ndithandizeni nzeru. Mlongo wanga wa zaka 22 anayamba chaka chatha kudzitsekera m'nyumba, kuyankhula yekha, n'kumanena kuti pa wailesi akumunena iyeyo. Sabata yatha kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda a m'maganizo otchedwa schizophrenia, n'kumupatsa mapiritsi a haloperidol. Lero ndi tsiku lachinayi chiyambireni kumwa, khosi lapindikira kumbali, lilime likutuluka, maso akungoyang'ana kumwamba. Amalume akuti mankhwalawa akuwonjezera matenda, tiwasiye tipite naye kwa sing'anga. Mawu omwe amamva, ife osawamva, akuti akuwamvabe. Kodi mankhwalawa akugwiradi ntchito? Nanga adzamwa mpaka liti?

Namwino_Chisale

Achemwali, bwererani naye kuchipatala lero lomwe, musadikire tsiku lomwe anakulemberani m'buku. Zimene mukuonazo si kukula kwa matenda ayi. Ndi kukokana kwa minofu komwe haloperidol amayambitsa m'masiku oyamba, makamaka kwa anyamata a msinkhu umenewu. Kumapweteka ndipo kumaopsa kuona, koma kuli ndi mankhwala ake. Akamupatsa benzhexol, yemwe ambiri amamudziwa kuti Artane, kapena jakisoni wa diazepam, khosi limamasuka tsiku lomwelo. Kenako adokotala angachepetse mlingo wa haloperidol kapena kumusinthira ku risperidone. Piritsi lotsatira asamwe mpaka amuone, ndipo mutenge buku ndi kapepala ka mankhwala kuti aone mlingo womwe anamulembera.

Mukaona akubanika kapena akulephera kumeza, thamangani nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku. Chimodzimodzinso thupi likatentha kwambiri, likauma gwa lonse, thukuta lili kamukamu, iye osazindikira kumene ali. Izi sizichitika kawirikawiri koma zimapha.

Za mawuwo musataye mtima. Kugona ndi kukhazikika ndiko kumayamba m'sabata yoyamba. Mawu amayamba kuchepa pakadutsa masabata awiri kapena anayi, ndipo mankhwala saweruzidwa kuti alephera asanamwedwe pa mlingo woyenera kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Masiku anayi ndi ochepa zedi.

Kilinikala_Mvula

Ndikugwirizana ndi anamwino. Ine ndiyankhe la mpaka liti, koma ndiyambe ndi kufotokoza matendawo, chifukwa kumudzi chilichonse timangoti misala pomwe zoyambitsa zake n'zosiyana.

Munthu akasokonezeka mutu mwadzidzidzi, m'masiku awiri atatu, thupi likutentha, timayamba taganiza za malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kapena HIV yomwe yafika ku ubongo. Wa kachasu akasiya mowa mwadzidzidzi amanjenjemera n'kumaona tizilombo pakhoma pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Wa khunyu amatha kusokonezeka akangodzuka kumene pa kugwa. Mayi amene wangobereka amatha kuzungulira mutu m'masabata awiri oyamba. Onsewa chithandizo chawo n'china. Ndiye ngati mlongo wanuyo sanayezedwe malungo, HIV ndi shuga, pemphani amuyeze.

Schizophrenia imabwera pang'onopang'ono monga mwafotokozeramu. Mu 2022 bungwe la WHO linati imagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse, ndipo nthawi zambiri imayamba munthu akamatha zaka za unyamata kapena ali m'zaka za m'ma 20, amuna msangako kuposa akazi. Mawu amene akumvawo kwa iye ndi enieni ngati mmene inu mumamvera anu a pakhomo. Sakunamizira.

Akachira pa ulendo woyamba uno, apitirizebe kumwa kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo kuchokera pamene zizindikiro zatha, ndipo kusiya kwake kukhale kochepetsa pang'onopang'ono adokotala akuona. Amene matenda awabwerera kangapo amamwa kwa zaka zambiri, ena moyo wonse. Apa ndi pamene mabanja ambiri amaphonyera: munthu akangoyamba kuseka ndi kudya bwino, amati wachira, mapiritsi n'kuwaika pa denga. Matenda sabwerera mawa lake. Amabwera pakapita miyezi, ndiye anthu saona kuti chagwetsa munthu n'kusiya mankhwala kuja. Ndipo akabwerera kambirimbiri, kuchira kwake kumavutirako.

Ngati amaiwala kapena kukana mapiritsi, funsani za jakisoni wa fluphenazine, uja amati Modecate. Amayamba ndi woyesera wa 12.5 mg, kenako kawirikawiri 25 mg pa masabata awiri mpaka anayi alionse. Komabe popeza khosi lapindika kale ndi haloperidol, muwauze adokotala zimenezi asanamubaye, chifukwa jakisoniyo amachitanso zomwezo ndipo akalowa m'thupi sangatulutsidwe. Akamupatsa chlorpromazine, mankhwala ena a matenda omwewa, azidzuka pang'onopang'ono kuopa chizungulire, azivala chipewa ndi malaya a manja aatali kumunda chifukwa khungu limapsa msanga ndi dzuwa.

Zikakanika pa chipatala cha boma lanu, iwo omwewo amatumiza ku Zomba Mental Hospital. Kulinso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Mayi_Gondwe

Nkhani ya amalume musaithamangire ndi mkangano, mwana wanga. Iwo aona khosi lopindika, mantha awo ndi omveka. Atengeni mupite nawo limodzi kuchipatala, akadzionere okha likumasuka. Mapemphero asaletsedwe, koma aziyendera limodzi ndi mankhwala. Zoyenera kukana ndi izi: kumumanga ndi chingwe kapena unyolo, kumumana chakudya, kumukwapula ati kutulutsa ziwanda, ndi kumumwetsa zitsamba zosadziwika pamwamba pa mapiritsi.

Akamati wailesi ikumunena, musamutsutse kuti ndi bodza, musavomerezenso. Mungoti, "Ine sindikumva zimenezo, koma ndikuona kuti zikukuopsa." Aziyankhula naye munthu mmodzi, ndi mawu otsika, osati kumuzungulira gulu. Akakwiya mupatseni mpata, musaime pakhomo kumutchingira, ndipo zikwanje, zingwe ndi mankhwala a mbewu zichoke poonekera. Mufunseni mosabisa ngati mawuwo akumuuza kuti adzivulaze kapena ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, asakhale yekha, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Chimene chimatopetsa mabanja si mawu aja ayi, koma zotsalira: kukhala duu tsiku lonse, kusasamba, nkhope yosaonetsa chimwemwe kapena chisoni. Anthu amati ndi ulesi n'kuyamba kumulalatira, pomwe ndi mbali ya matenda omwewo, ndipo mapiritsi saichotsa msanga. Pakhomo pakachuluka kutukwana ndi kudzudzula, matenda amabwerera msanga. Mupatseni ntchito imodzi yaing'ono tsiku lililonse pa nthawi yomweyo, monga kuthirira dimba m'mawa, n'kumaonjezera akazolowera. Chamba chokha asiyiretu, ndi mowa womwe.

Nabanda_Ntcheu

Zikomo nonse, tikunyamuka pompano ndipo amalume avomera kutiperekeza. Funso lina: ana anga angatengere? Nanga tingadziwe bwanji kuti akufuna kudwalanso?

Kilinikala_Mvula

Sapatsirana podyera mbale imodzi kapena kugona nyumba imodzi. Ku mtundu amayendako pang'ono: mwana amene kholo lake limodzi lili ndi matendawa, mpata woti adwale ndi pafupifupi mmodzi mwa khumi, ndipo kwa ana anu, omwe wodwalayo ndi malume awo, ndi wochepa kuposa pamenepo.

Chizindikiro choyamba kwa ambiri ndi tulo. Akayamba kuchezera usiku awiri kapena atatu motsatizana, kukana nsima poganiza kuti mwathiramo kanthu, kapena kudzitsekeranso, pitani naye ngakhale tsiku lake lisanakwane. Mankhwala azisunga munthu mmodzi wodziwika pakhomopo, aziona akumeza, ndipo muzikatenga ena kukadali mapiritsi a sabata imodzi, kuti mukapeza atha ku chipatala chaching'ono mukhale ndi nthawi yofika ku chipatala chachikulu cha boma.