Matensi a Chingerezi andisokoneza, thandizeni

Abale anzanga, makamaka aziphunzitsi muli muno, ndithandizeniko. Ine ndimanyamula katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje kuchokera pa Likhubula, ena timakafika nawo mpaka ku Sapitwa, ndiye Chingerezi ndimachifuna tsiku ndi tsiku koma sukulu ndinalekezera Fomu 2.

Sabata yatha ndinauza mzungu wina kuti "I have climbed Sapitwa yesterday", iye kungoseka nkundikonza kuti ndizinena "I climbed". Ine ndimaona ngati "have climbed" ndi ngati "ndakwera" ndipo "climbed" ndi "ndinakwera", komano nthawi ina mlendo anandifunsa "Have you ever seen snow?" pomwe ife tingati "unaonapo", ndiye apa mutu unaima. Nanga "have" uja amabwera liti kwenikweni? Ukatchula dzulo kapena chaka chatha basi achoke?

China ndi maverebu osamvera malamulo aja, go went gone, kodi amangofunika kuloweza basi kapena pali kanjira? Za "will" sindivutika nazo ayi.

Amene muli ndi manotsi osavuta munditumizire pa WhatsApp, bola asakhale mavidiyo, bandulo yake sindingakwanitse.